Mjigo wa Anabetedi

Ku Zilibwino, dziko limene simungalipeze pa mapu ngakhale mutavala magalasi awiri, chimanga chinkakanika chaka ndi chaka, koma mawu a Chingerezi okha sankakanika. Nduna ikakwera ndege kupita ku msonkhano kunja, anthu ankadziwiratu kuti ikabwerako ndi sutikesi ya nsapato ndi liwu limodzi latsopano. Chaka china kunabwera "sitekiholoda," mpaka mbuzi zimene zinasanduka masitekiholoda. Chaka chotsatira kunabwera "sasitenabo," anthu n'kumagona ndi njala ya sasitenabo. Mawu amenewa sankapweteka munthu ayi. Ankalira pa wailesi miyezi ingapo, kenako n'kutha okha ngati chimfine. Liwu limene linaluma mpaka kutulutsa magazi ndi limene linabwera chaka cha chilala, ndipo woyamba kulumidwa anali a Nachanza a pa msika wa Kwerakwera.

A Nachanza ankagulitsa nyemba ndi mchere, koma anthu ankawadziwa ndi udindo wina: anali wapampando wa komiti ya mjigo. Kiyi wa loko ankayenda naye m'khosi, womangidwa pa kachingwe. Tsiku lililonse dzuwa likafika paliwombo ankazunguliza unyolo pa mpini wa mjigo n'kukhoma, ndipo ankatsegula dzuwa litapendeka. Ubwere ndi misozi, ubwere ndi chipongwe, yankho linali limodzi basi: "Mjigo ukupuma." Madzi a pansi pa Kwerakwera anali ochepa, osonkhana pang'onopang'ono, ndipo mmisiri amene anakumba mjigowo ananena poyera tsiku loupereka kuti mukamaupumitsa udzakusungani, koma mukamaukama osaleka udzauma.

Musawaone ngati mayi wouma mtima. Mjigo usanabwere, anthu a pa Kwerakwera ankamwa mu Tsukuluza, mtsinje umene m'chilimwe umasanduka zithaphwi, momwe ng'ombe zimamwa zitaimamo ndi miyendo inayi ndipo amayi amachapiramo matewera. Chaka cha kolera mtsinje umenewu unatenga anthu khumi ndi awiri a pamsikapo. Mmodzi mwa iwo anali a Filimoni, amuna a a Nachanza, amene anadzuka bwinobwino Lachiwiri n'kuikidwa m'manda Lachinayi. Kuyambira pamenepo a Nachanza analumbira kuti iwo ali moyo, pa Kwerakwera sipadzapezekanso mwana womwa madzi a Tsukuluza. Mjigo umenewu ankaukonda kuposa abale ena.

Tsono chaka cha chilalacho, pa Tsiku la Madzi, apampando onse a makomiti a mijigo anawalongedza m'lole n'kupita nawo ku likulu la dziko, ku Pakamwa. Anawakhazika pansi padzuwa, nduna zili pamthunzi zikumwa madzi a m'mabotolo ochokera kunja. Pa mpando wachifumu panali Mfumu Sindilakwa Wachiwiri, mwana wa Sindilakwa Woyamba, amene nayenso sanalakwepo.

Anaimirira a Nyambitani, Nduna ya Madzi ndi Mawu Otsekemera, amene anali atangotsika ndege dzana lake. Anakonza tayi, anatsokomola kawiri, n'kugwada ndi bondo limodzi.

"Mwini dziko, kumene ndinapita ndakupezerani mphatso. Azungu ali ndi liwu limene akhala akutibisira." Anadikira kaye kuti ntchentche zikhale chete. "Anabetedi."

"Ana chiyani?" inafunsa Mfumu, imene inali itangodzidzimuka kutulo.

"Anabetedi, Mwini dziko. Kutanthauza chinthu chopitirira ndi mphamvu zake zonse. Osachepa, osafooka, osapuma."

Mfumu inalitafuna liwulo pang'onopang'ono. "Anabetedi. Ndiye kuti akunena ine?"

"Inu kumene, Mwini dziko! Akanena ndaninso?"

Abale inu, mukanaona nduna zikulimbirana liwu! Nduna ya Misewu inati misewu ikumangidwa anabetedi. Nduna ya Ulimi inati nkhokwe zikudzaza anabetedi. Nduna ya Zaumoyo, imene inachedwa kuimirira, inangokuwa liwulo lokha katatu n'kukhala pansi ikutuluka thukuta. Bambo wina amene anakhala pafupi ndi a Nachanza ananong'ona kuti, "Kwathu ndiye maenje a mumsewu ali anabetedi," koma ananena akuomba m'manja, chifukwa nayenso ali ndi ana.

Kenako a wailesi anafuna mawu a mayi mmodzi wa kumudzi. Tsoka linagwera a Nachanza, poti chitenje chawo cha nkhope ya Mfumu ndicho chinali chatsopano kuposa za anzawo. Anawakokera kutsogolo, anagwada.

"Mayi, mjigo wanu ukuyenda bwanji?" inafunsa Mfumu.

Apa munthu wochenjera akanangobwereza liwu la tsikulo n'kukakhala pansi. Koma a Nachanza nkhani ya mjigo sankaseka nayo.

"Ukuyenda bwino zedi, Mwini dziko, chifukwa timaupumitsa masana."

Mfumu inatchera khutu.

"Mumautani?"

"Timaukhoma, Mwini dziko, kuti madzi asonkhane pansi. Ngakhale ng'ombe ya mkaka mukaikama m'mawa, mumaimasula ikadye, apo ayi madzulo mukama magazi."

A Nyambitani anagwira kumutu ngati amva uthenga wa maliro. "Mwini dziko, pa mjigo uliwonse m'dziko muno pali chikwangwani cha dzina lanu. Tsono mjigo ukamapuma, anthu aziti akupuma ndani?"

"Ine sindipuma!" inabangula Mfumu, tulo tikadali m'maso.

Lamulo linalembedwa pomwepo, ndipo linali ndi mfundo zitatu. Yoyamba, maloko onse a pa mijigo aperekedwe ku nyumba yachifumu. Yachiwiri, mpini wa mjigo usaime, usana kapena usiku. Amene waugwira asausiye kufikira wina ataulandira, ndipo wousiya akalima m'munda wa Mfumu zaka ziwiri. Yachitatu, popeza ku Zilibwino kulibe nkhanza, munthu asakakamizidwe kulandira mpini, aulandire mwa kufuna kwake. Anthu anaombera m'manja kwambiri mfundo yachitatuyi, osadziwa kuti ndiyo inali ndi mano. Msilikali anadula kachingwe m'khosi mwa a Nachanza n'kuponya kiyi m'dengu. Iwo anayesa kunena kuti, "Koma udzauma, Mwini dziko," koma ng'oma zinali zitayamba kale.

Lamuloli linafika pa Kwerakwera m'mawa mwake, pamodzi ndi kapitawo wa Mfumu, a Penyani, bambo woonda amene anabwera ndi mpando wake, ambulera ndi wezulo. Pamene ankaliwerenga, amene anali pa mpini anali Esinati wa tomato, mtsikana wa pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, akudzaza ndowa yake osadziwa kanthu. Ndowa itadzaza anafuna kusiya, a Penyani n'kuika wezulo kukamwa.

"Usasiye, mwana iwe. Zaka ziwiri."

Inde, palibe amene anakakamizidwa. Koma ndani angaonerere mtsikana wa pakati akupopa mjigo mpaka kugwa? A Gomeza, ogulitsa nyama ya mbuzi, anapukuta manja pa epuloni n'kukamulandira. A Gomeza atatopa anawalandira telala, telala anamulandira wa makala, ndipo msika wonse unalowa mu msampha wokha, wina kumvera chisoni mnzake. Boma silinawononge ngakhale chikoti chimodzi.

Masiku oyamba anthu ankaseka. Ndowa zinadzaza, migolo inadzaza, miphika inadzaza, kenako madzi anayamba kuyenderera pansi, kudutsa pakati pa mabenchi, n'kukapanga dziwe kuseri kwa chigayo. Nkhumba za m'mudzi wonse zinasamukira kumeneko. A Nyambitani analengeza pa wailesi kuti chifukwa cha nzeru za Mfumu, ku Kwerakwera kwabadwa mtsinje watsopano.

"Boma ili lakumbukira nkhumba, tiyamike," anatero a Gomeza akunola mpeni. "Mwina chaka cha mawa lifika kwa anthu."

Liwu lija nalo linalowa mumsika. Wogula akadandaula mtengo wa sopo, wogulitsa ankangoti, "Ukukwera anabetedi, mayi, nanga mukufuna ndiphwanye lamulo?" Esinati anati apongozi ake akulalata anabetedi chichokereni pa Khirisimasi. Telala anati nsikidzi za kwawo zinalidziwa liwuli kalekale, zisanapite n'komwe ku msonkhano.

A Nachanza okha sankaseka. Ankakhala pa benchi yawo ya nyemba akuyang'ana madzi oyera akupita kwa nkhumba, mtima ukuwawa ngati akuona mwana wawo akukha magazi. Ankamvetsera kulira kwa mjigo. Sabata yoyamba ndowa inkadzaza ukapopa ka makumi atatu. Sabata yachiwiri inkafuna ka makumi asanu ndi limodzi. Anapita kwa a Penyani n'kuwapempha mwaulemu kuti atembenukire kumbali ola limodzi lokha.

"Mayi, ine ndili ndi maso awiri ngati inu, ndikuona," anatero a Penyani. "Koma pa maso angawa pali maso ena."

Tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chinayi, mjigo unatsokomola, unalavula thovu ndi mchenga, basi n'kutha. Mpini unapepuka. Telala amene anali pamenepo anapitiriza kupopa mpweya, poti lamulo silinanene za madzi, linanena za mpini. Madzulo ake amayi anatenga ndowa n'kutsetsereka njira yakale ya ku Tsukuluza. A Nachanza anaima pa njirayo akuchonderera aliyense kuti awiritse madziwo asanamwetse ana, ndipo atafika kunyumba analira monga analirira a Filimoni.

M'mawa mwake anapita ku ofesi ya madzi ya m'boma lawo kukapempha makina okumba, kuti mjigo auzamitse. Anapeza kalaliki akudya mbatata.

"Makina alipo, mayi, ali kuseriku, matayala ake ngatsopano. Amapita kumene mjigo wauma."

"Ndiye wathu wauma."

"Aaa, mayi! Tsitsani mawu." Kalaliki anasuzumira pazenera. "Chongani pa fomu iyi mmene mjigo wanu ukuyendera."

Pa fomuyo panali mabokosi awiri. Loyamba linalembedwa kuti "Anabetedi." Lachiwiri linalembedwa kuti "Anabetedi kwambiri."

"Nanga wouma ndichonge pati?"

"Wouma ulibe bokosi, chifukwa chiyambire lamulo palibe mjigo umene wauma. Ukadzauma wina tidzasindikiza fomu yake."

"Mudzadziwa bwanji kuti wauma?"

"Tidzaona pa fomu." Kalaliki anameza mbatata. "Komanso konzekani. Lachisanu Mfumu ikubwera kwanu konko, ndi a kanema omwe, kudzaona malo amene matenda opumitsa mijigo anachizidwira. Ikadzapeza wouma idzafunsa kuti wauumitsa ndani, ndipo dzina limene ikulidziwa kumeneko ndi lanu."

Anthu a pamsika atamva anasonkhana pa benchi ya a Gomeza. Nzeru inachokera kwa a Gomeza omwewo.

"Mlendo akabwera nyumba ilibe ufa, timakabwereka kwa aneba. Tikatunge ku Tsukuluza, tithire mumjigomo, adzapope aone madzi, azipita."

"Ayi!" A Nachanza anaimirira. "Madzi amene anapha amuna anga ndiwathire mu mjigo wanga? Achimwene, mukundinyoza."

"Achemwali, sindikukunyozani. Mukapita kukalima kwa Mfumu zaka ziwiri, atiuze ndani zowiritsa madzi? Mjigo wafa kale, inu musafe nawo."

Ali mkati mokangana, wina anatsokomola kumbuyo. Anali a Penyani, kapitawo uja, atanyamula sipanala. "Chivundikiro chimamasuka ndi iyi," anatero osayang'ana munthu. "Nanenso ndili ndi khosi limodzi."

A Nachanza anayang'ana sipanala ija. Kenako anafunsa funso limodzi lokha: "Paja kapu yoyamba amamwa ndi Mfumu, eti?" Atauzidwa kuti mwambo wake ndi womwewo, anati, "Chabwino. Tiyeni tikatunge."

Lachisanu m'mawa amayi makumi anayi anapanga mzere kuchokera ku mtsinje mpaka ku msika, ndowa pamutu, kuthira m'dzenje n'kubwereranso. Nthaka yaludzu inkamwa theka, koma theka linkatsala. Wa pa mpini anauzidwa kuti azingougwedeza pang'onopang'ono, ngati mutu wa munthu wovomereza, kuti lamulo lisaphwanyike komanso madzi asakwere nthawi isanakwane. Pofika masana dzenje linali litakhuta, amayi makosi ali gwa, atavala zitenje za nkhope ya Mfumu akuyesera nyimbo.

Mfumu inafika ndi magalimoto makumi awiri ndi fumbi lokwanira kudyetsa mudzi. A Nyambitani analankhula ola lathunthu, ndipo a Gomeza amene ankawerenga pa zala anati liwu lija analitchula ka makumi anayi ndi kanayi. Kenako inafika nthawi ya kapu yoyamba. Ku Zilibwino aliyense ankadziwa mmene zimenezi zimayendera: mkulu wina wa kunyumba yachifumu amaima kumbuyo ndi tambula yothiramo kale madzi a m'botolo, amaiyandikitsa kukamwa kwa mjigo mwachinyengo, n'kuipereka. Koma mkuluyo asanasunthe phazi, a Nachanza anali atatulutsa kale m'chitenje chikapu chawo cha pulasitiki, chomwera thobwa. A Gomeza anagwetsa mpini ndi mphamvu zonse, madzi anati khuthu, a Nachanza anatchera chikapu a kanema akujambula, n'kugwada pamaso pa Mfumu ndi manja awiri.

Mfumu inayang'ana m'kapumo. Madziwo anali ngati tiyi wamkaka, ndipo pamwamba pake pankasambira kambululu kamoyo.

"Madzi ndi moyo!" anakuwa a Nyambitani. "Taonani, moyo wake ukuoneka ndi maso!"

Mfumu inawerama ngati ikudalitsa mayiyo, n'kunong'ona, "Madzi awa ndi a kuti?"

"Ndi amene akumwa ana athu, Mwini dziko," ananong'ona a Nachanza. "Mjigo unauma. Tumizani makina."

Mfumu inayang'ana a kanema, inayang'ana khamu, inayang'ananso kambululu. Kukana kumwa kunali kuvomera kuti Sindilakwa walakwa. Inatseka maso n'kugugudiza yonse. Nthungululu zinalira. Koma pamene inkati ipukute pakamwa, chikapu chinali chitadzazanso.

"Mwini dziko sapuma," anatero a Nachanza mokweza.

Msika wonse unagwira nyimbo pomwepo, manja a matuza akuomba: "Anabetedi! Anabetedi!" Nduna nazo, posafuna kuoneka zofooka, zinalowerera. Mfumu inamwa kapu yachiwiri. Inamwa yachitatu misozi ikulengeza. Ikanamwa yachinayi a Nyambitani akanapanda kulumphira pakati n'kuwaveka a Nachanza mendulo ya Mayi Wachitsanzo, kuti manja awo atanganidwe ndi kugwirana chanza. Magalimoto ananyamuka osatsanzika. A Nachanza anabwerera ku nyemba zawo mtima uli m'malo, poganiza kuti munthu amene walawa yekha madzi amenewa sangagone osatumiza makina.

Ha! Anali asanaidziwe bwino Zilibwino.

Mfumu sinaoneke masiku asanu ndi atatu. Wailesi inati ili m'kachipinda kakang'ono ikusinkhasinkha za dziko. A Gomeza anati liwu lofotokoza mmene kusinkhasinkhako kukuyendera akulidziwa, koma salitchula pamaso pa ana. Mfumu itatuluka, itaonda ngati bango, nduna zinakhala pansi kufunafuna wolakwa. Mjigo sukanalakwa, poti uli ndi dzina la Mfumu. Mayi uja sakanalakwa, poti dziko lonse linamuona akuvekedwa mendulo. Nduna sizikanalakwa, poti ndizo zinkaweruza. Wotsala anali mtsinje. Analengeza kuti Tsukuluza ndi mdani wa dziko, amene anakwawa mobisa pansi pa nthaka kudzachita chiwembu, ndipo aliyense wotungamo kapena kumwamo ndi kazitape. Za makina okumba sizinatchulidwe n'komwe.

Walira mvula walira matope. Galimoto inadzatula asilikali awiri pa njira ya kumtsinje, Sajeni Mpondadziko ndi mnzake wamfupi wotchedwa Jekapu, n'kubwerera. Tsopano Kwerakwera inalibe mjigo, inalibenso mtsinje. Tsiku loyamba anthu anamwa zotsala m'migolo. Tsiku lachiwiri anaphwasula dziwe la nkhumba, napeza matope okhaokha. Ana ankalira mopanda misozi. Esinati anagona pansi pa benchi ya tomato milomo itang'ambika, ndipo amayi ena anayamba kulankhula mokweza kuti a Nachanza amve.

"Makapu atatu aja anakoma, koma tikulipira ndife."

A Nachanza anawamva. Ankadziwa kuti akunena zoona, ndipo zinkawadya mumtima.

Tsiku lachitatu masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, inali nthawi yawo ya pa mpini. Ankapopa mpweya, mendulo ikugunda pachifuwa, pamene anaona Sajeni Mpondadziko akukwera chitunda, mfuti ikulendewera, botolo lopanda kanthu m'manja. Galimoto imene inawatula inali itawaiwala, monga boma limaiwalira. Masiku atatu amenewa asilikaliwo anakhala akuyang'ana madzi osawakhudza, poti msilikali womwa mdani amaomberedwa.

"Mayi, madzi," anatero Sajeni, mawu atauma. "Mjigo wotchuka uja si womwewu? Ndinauona pa kanema."

"Ndi womwewu, bwana."

"Nanga bwanji sakutuluka?"

A Nachanza anayang'ana Esinati pansi pa benchi paja, kenako anayang'ana mikono ya Sajeni.

"Ine ndakalamba, bwana, mkono wafooka. Wailesi ikuti madzi alimo. Inu mungatsutse wailesi?"

Sajeni sakanatsutsa wailesi. Anatsamiritsa mfuti pa chikwangwani cha dzina la Mfumu, analavulira m'manja n'kulanda mpini. "Chokani, muone mmene amuna amapopera." A Nachanza anachokadi. A Penyani, pansi pa ambulera yawo, anakhala tsonga n'kupukuta wezulo pa malaya.

Sajeni anapopa mpaka mjigo unalira ngati ukuphedwa. Sipanatuluke ngakhale dontho. Atatukwana mokwanira anati asiye, wezulo n'kufika kukamwa kwa a Penyani.

"Mfundo yachiwiri, bwana Sajeni. Zaka ziwiri. Lamulo silinapatule a yunifolomu."

"Iwe wa nyama, bwera udzagwire apa!"

A Gomeza anavula chipewa mwaulemu. "Mfundo yachitatu, bwana. Ku Zilibwino kulibe nkhanza. Ndikadzafuna ndidzabwera."

Sajeni anayang'ana telala, telala anali akufunafuna singano pansi. Anayang'ana wa makala, wa makala anali akuwerenga mitambo. Masabata onsewa mpini unkayenda m'manja chifukwa cha chisoni, tsono chisoni cha pa Kwerakwera chinali chitauma pamodzi ndi mjigo. Sajeni anakuwa kuitana Jekapu. Jekapu anabwera akuthamanga kuchokera kumtsinje, analandira mpini monga mwa lamulo la bwana wake, ndipo posakhalitsa nayenso lilime linali kunja, akupempha kuti amulandire. Anayamba kulandirana awiriwiri, osatha kuchoka ngakhale mmodzi, poti wotsalayo akagwa onse apita kukalima.

Panalibe amene anapereka chizindikiro. Ndowa zinangotulukira pansi pa mabenchi, zigubu, mapoto, mabeseni, ndipo msika wonse unatsetserekera ku Tsukuluza ukuseka mpaka kugwirana mapewa. A Gomeza ankayerekeza kapopedwe ka Sajeni njira yonse.

"Tawagwira, achemwali! Lero tapambana!"

A Nachanza anagwada m'mphepete mwa chithaphwi, anakankha ndere ndi dzanja, n'kuyang'ana madzi ofiirawo akulowa m'ndowa. Ng'ombe inali itaima chapatali pang'ono, m'madzi momwemo, ikuchita zake.

"Tapambana, inde," anatero. "Taonani chimene tapambanacho." Kenako anakweza mawu kuti onse amve. "Munthu asamwe pano! Ngakhale mwana alire bwanji, muwiritse kaye. Ndikagwira wina akumwetsa mwana osawiritsa, andidziwa."

Anasenza ndowa n'kukwera chitunda, akutola tinkhuni m'njira. Podutsa pa mjigo, Sajeni anali atakhala pansi m'fumbi, Jekapu akulendewera pa mpini.

"Mayi," anatero Sajeni, ulemu utabwerera, "pang'ono pokha. Ngakhale a mdani omwewo."

"Dikirani, bambo. Awa amapha. Ndinaika kale munthu m'manda chifukwa cha madzi amenewa, sindikufuna kuikanso wina."

Anasonkha moto pambali pa benchi yawo, anawiritsa madziwo mpaka anagaduka, anawasefa ndi kansalu n'kuwaziziritsa pothira uku ndi uku. Woyamba kumwa anali Esinati. Kenako anadzaza chikapu n'kupita nacho pa mjigo. Nthawiyi pa mpini panali Sajeni, akupopa. Anamugwirira kapu kukamwa kuti amwe osasiya ntchito, ndipo anamwetsanso Jekapu.

Sajeni atapeza mpweya anawayang'ana ndi maso a mwana. "Mulungu akudalitseni, mayi. Tsono mutandigwirirako apa pang'ono pokha, ndingowongola msana?"

A Nachanza anakutumula timadzi totsala m'kapumo, anaipukuta ndi chitenje, n'kubwerera ku nyemba zawo.